Galimoto Ikamatsokomola M'mawa Musaitseke Pakamwa

Alimi anzathu a ku Ludzi ndi madera ozungulira, mukudziwa kuti miyezi ya June ndi July ndi yozizira kwambiri kuno ku Mchinji. Miyezi yomweyi ndiyo pikapu imagwira ntchito yaikulu, kututa mabelo a fodya, matumba a mtedza ndi soya. Ambiri a inu mwaona chimene chimachitika mamawa. Dalaivala akaliza galimoto, injini imanjenjemera, imatsokomola, imatulutsa utsi woyera, mwina n'kuzima. Ikatentha imalira bwino, ndipo mwini wake amati palibe kanthu, n'chisanu chabe.

Ife tikuti kanthu kalipo. Chisanu sichidwalitsa injini, chimangoulula matenda amene analipo kale.

Pali njira zitatu zimene ambiri amabisira vutoli. Ena amaponda moto kwambiri mpaka mudzi wonse kudzuka. Ena amapotokola kasikuluwu kuti injini izilira mokwera galimoto itaima. Enanso amaimika galimoto pamtsetse madzulo kuti m'mawa matenanti aikankhe. Zonsezi si mankhwala. Injini ikagona usiku wonse oyilo amatsikira pansi, ndipo kukazizira amakhala wolemera. Mukaiponda moto nthawi imeneyo, zitsulo zimakhulana oyilo asanafike. Kuwonjezera apo, mafuta amene sanapse amatsuka oyilo m'masilinda n'kukasakanikirana ndi oyilo wa pansi. Kotero injini imakalamba msanga. Akulu anati wabisa matenda maliro adzamuulula.

Tsono muyambire pati? Yambani ndi zotsika mtengo.

Choyamba, sefa ya mpweya. Misewu yochoka m'maesiteti kukalowa mu msewu wa M12 ndi yafumbi nyengo yadzuwa. Sefa ikadzaza fumbi injini imabanika. Itulutseni, muigwedeze, muiyang'ane padzuwa. Ngati kuwala sikupyola, gulani ina.

Chachiwiri, mafuta. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012, ambiri anazolowera kugula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Mafuta oterewa kawirikawiri amakhala ndi madzi ndi zinyalala. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol chiyambire 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga, ndipo ethanol amakoka chinyontho. Petulo wosungidwa m'chigubu chosatseka bwino sachedwa kuwonongeka. Pa galimoto zambiri za dizilo pali kampopi kunsi kwa sefa ya mafuta. Katsegulireni m'botolo loyera, muone ngati madzi sakukhala pansi pa dizilo.

Chachitatu, ngati galimoto yanu ndi ya dizilo, yesetsani mahita. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto. Imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, ndipo kukazizira mahita ndiwo amathandiza kutenthetsa m'kati. Injini ya masilinda 4 ili ndi mahita 4. Imodzi ikafa, silinda yake imachedwa kugwira, n'chifukwa chake injini imayenda motsimphina ndi utsi woyera mpaka itatentha. Makaniko wodziwa ntchito amaipeza hita yakufayo m'kanthawi kochepa. Ndipo inu dalaivala, mukatembenuza kiyi dikirani kagetsi ka mahita kazime musanalize. Ngati mahita ali bwino, onani ngati mpweya sukulowa m'mapaipi a dizilo usiku. Popani kapampu ka pamwamba pa sefa mpaka kalimbe. Injini ikalira bwino mutatero, ndiye kuti penapake pakudontha.

Chachinayi, ngati ndi ya petulo, dziwani kuti injini yozizira imafuna petulo wochulukirapo. Pa galimoto zakale za kabureta ntchito imeneyi ndi ya choki, ndipo choki ikagwira dzimbiri kapena ikamata sitseka bwino. Pa galimoto zatsopano kompyuta ndiyo imawonjezera mafuta, koma imadalira kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi a injini. Kakamanama, kompyuta imanamizidwa. Onaninso mapulagi ndi mawaya ake, komanso timapaipi ta mphira ngati sitinang'aluke. Kang'alu kakang'ono kamalowetsa mpweya wosafunika.

Zonsezi zikakhala bwino koma vuto lilipobe, pitani nayo kwa makaniko akayeze mphamvu ya masilinda ndi manozulo. Musasonkhe moto pansi pa injini, ndipo musathire petulo pamene injini ya dizilo imakokera mpweya. Mungaphulitse injini kapena kupsa nayo.

Mwina wina ati ndalama zilibe, tidzakonza tikagulitsa fodya. Funso lathu ndi lakuti, fodyayo adzafika bwanji kumsika? Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku okushoni ya ku Kanengo ndi ulendo woposa makilomita 100. Hita imodzi kapena sefa imodzi mtengo wake sungafanane ndi wa kukonzetsa injini yonse. Galimoto ikafera m'njira, mabelo amagona panja, tsiku lanu loperekera fodya limapita, ndipo mumalipira galimoto ina kawiri.

Eni maesiteti, nkhani iyi ikukhudzani koposa. Tenanti amene wagwira ntchito chaka chonse amadikira kuti fodya agulitsidwe kuti alandire zake. Kuchedwa kwa galimoto yanu ndi njala m'nyumba mwake. Pikapu yomweyo ndiyo imanyamula mayi wodwala pakati pa usiku kupita naye kuchipatala. Usiku wa mu July simungadzutse anthu khumi kuti akankhe.

Nanunso matenanti ndi alimi amene mumachita hayala, muli ndi pakamwa. Pitani mamawa mukamve mmene galimoto ikulirira isanatenthe, musanakweze katundu wanu. Masana galimoto iliyonse imalira bwino.

Mlimi wanzeru sadikira mvula kuti afolere chigafa. Konzani galimoto yanu mu March kapena April, chisanu chisanafike. Ikalira m'mawa ipatseni mphindi ziwiri, kenaka nyamukani pang'onopang'ono mpaka itenthe. Galimoto ndi khasu lanu la kumsika. Isamaleni.