Mwana akafooka kusukulu ku Britain, tisafulumire kunena kuti ndi ulesi

Kalata imene aphunzitsi oyang'anira ophunzira m'mayunivesite a ku Britain safuna kulemba ndi yochenjeza mwana wochokera kunja kuti maphunziro ake sakuyenda. Kwa mwana wa konko, kalata yotere ndi chidzudzulo chabe. Koma kwa mwana wa ku Malawi ndi nkhani yokhudza viza. Yunivesite ndiyo imamuimira ku Home Office, ndipo ikamufafaniza m'kaundula imayenera kukanena. Zikatero, kawirikawiri amangopatsidwa masiku 60 oti alongedze.

Nchifukwa chake mphunzitsi wamtima wabwino amada nkhawa msanga akaona mwana akujomba, ntchito akupereka mochedwa, malikisi akutsika. Amadzifunsa kuti, kodi munthu amene adakhoza bwino ku Chanco kapena ku Poly, nzeru zake zathawira kuti?

Nzeru zilipo ndithu. Choyamba chimene chimavuta ndi ndalama. Mu May 2022 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Kholo la bizinesi ku Limbe kapena ku Area 2 limene lidalonjeza kumatumiza mapaundi lidangogwira njakata. Kumenekonso zinthu zidakwera: mu February 2024 ndalama ya zachipatala imene wophunzira wakunja amalipira idafika mapaundi 776 pa chaka.

Nanga mwana atani? Lamulo limamulola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Ambiri amathamangira ganyu ya usiku, monga kusamalira okalamba, nkukafika m'kalasi maso ali gwa koma mutu uli mtulo. Kuyambira January 2024 ochuluka ochita masters saloledwanso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Akaweruka amakafikira m'chipinda chozizira, mopanda womufunsa kuti waswera bwanji.

Chachiwiri ndi ulemu wathu womwewu. Kuno tidaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa. Kumeneko mphunzitsi amayembekeza kuti umufunse, umutsutse, umuuze pamene sunamve. Mwana wathu akafunsidwa ngati zonse zili bwino amangoti "inde", chonsecho lendi yamukwana pakhosi. Mayunivesitewa ali nayo njira yoonjezera nthawi kwa wodwala kapena woferedwa, koma amafuna mwini wake anene yekha, ndi umboni, nthawi ikadalipo. Akulu adati safunsa adadya phula.

Ifenso abale kuno tisadzichotse pa mlanduwu. Munthu wangotsika ndege, ife tayamba kale kumuimbira za feteleza, fizi ya mng'ono wake ndi foni yatsopano. Timaiwala kuti adapitira sukulu, osati theba. Paundi iliyonse imene watitumizira yachokera pa ola limene akadakhala akuwerenga.

Tsono inu ophunzira amene mukusaka malo kunja, mphunzitsi akadzakuitanani kuti akudandaula nanu, musadzabisale. Amene wakuitanayo akadali ndi mpata wokuthandizani, pomwe kalata ya ku Home Office ikafika palibenso zokambirana. Inu makolo, werengerani ndalama za chaka chonse m'mapaundi mwana asananyamuke, ndipo mukamamuimbira foni, yambani mwafunsa za sukulu musanatchule mavuto a kumudzi.