Tisadikire labotale, mandimu tili nawo

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, tiyeni tinene zoona. Tonse tinaloweza kuti CaCO3 ikakumana ndi 2HCl pamatuluka CaCl2, madzi ndi CO2. Koma ndani mwa ife anazionapo ndi maso? Tikafunsidwa timangoti "ife tilibe labotale", n'kukhala phee. Ine ndikuti chifukwa chimenechi chakalamba, tichisiye.

Loweruka lapitali ndinafinyira ndimu m'kapu n'kuponyamo chigoba cha dzira. Posakhalitsa tithovu tinayamba kutuluka pachigobapo. Tithovu timeneto ndi carbon dioxide. Chigoba cha dzira, cha nkhono, mwala wa laimu, ngakhale zoyera zija zimakakamira m'ketulo, zonsezi ndi calcium carbonate, ndipo asidi amazisungunula. Pa magalamu 100 aliwonse, 44 amauluka ngati mpweya. Choko cha m'kalasi chokha musachidalire. China amapanga ndi gypsum ndipo sichichita thovu, ndiye mungayambe kunena kuti aphunzitsi anatinamiza.

Kenako ndinasinja chigoba china n'kukhala ufa. Aise, thovu lake linachita kuwira! Asidi amadya pokhapo pamene wakhudza, choncho ufa umatha msanga kuposa chibenthu. N'chimodzimodzi ndi mwala wokhala ndi timabowo ngati siponji. Asidi salekera kunja, amalowa m'timabowomo n'kumadya makoma ake. Kabowo kokulirapo pang'ono kamalandira madzi ambiri, kamakula msanga, ndipo kakakula kamakokanso madzi ochuluka. Zili ngati kanjira kachidule kopita kumsika: kamene anthu ayamba kudutsamo ndi kamene kamasanduka msewu, tina timamera udzu. Mwala kunja umaoneka wolimba, mkati muli ngalande. Mvula wamba ili ndi pH pafupifupi 5.6 chifukwa cha carbon dioxide wa mumlengalenga, ndipo kaasidi kofooka kameneka, pa zaka zikwizikwi, ndiko kamaboola mapanga m'miyala ya laimu.

Mwina mukuti, nanga mapanga akutikhudza bwanji ife a ku Mzimba? Akutikhudza kumunda. Feteleza monga urea ndi ammonium sulphate amawonjezera asidi m'nthaka chaka ndi chaka. pH ikatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu wa m'nthaka amasungunuka n'kumaononga nsonga za mizu, ndipo phosphorus amamangika, chimanga osamupeza. Makolo athu agulitsa mbuzi kuti agule thumba la feteleza, koma chimanga chikungopinimbira. Akayamba kukayikira feteleza, kapena mnansi wa m'malire, ife amene tinaloweza equation ija tili duu.

Mankhwala ake ndi zomwe zija ndinaona m'kapu. Laimu wa kumunda ndi mwala womwewo wosinjidwa bwino. Asidi wa m'nthaka akamausungunula, iyenso mphamvu zimamuthera. N'chifukwa chake laimu ayenera kukhala ufa, osati timiyala, ndipo amasakanizidwa ndi dothi nthawi ikadalipo, osadikira tsiku lodzala. Mwalawu sutalikira: ku Chamama m'boma la Kasungu, anansi athu a kummwera, ndi umene kampani ya Shayona imapangira simenti. Koma musapite kwanu kukamwaza laimu chisawawa ayi. Si munda uliwonse uli ndi asidi wambiri, ndipo laimu wochuluka amaononganso. Kuyeza nthaka kaye, mothandizidwa ndi alangizi.

Mnzanga wina wandiuza kuti pa MSCE sadzatipatsa ndimu, adzatipatsa mabikala ndi hydrochloric acid. Akunena zoona, ndipo labotale tisaleke kuipempha. Koma amene anaonapo chigoba chikuchita thovu sadzanjenjemera tsiku limenelo ngati amene anangoziwerenga m'kope la mnzake.

Ndiye Lachisanu tikaweruka tikumane pansi pa mtengo wa mango. Aliyense abweretse ndimu, zigoba ziwiri ndi dothi lodzaza dzanja la m'munda mwa kwawo, kaya ndi ku Jenda, Embangweni, Champhira kapena konkuno. Aphunzitsi a Chemistry tikawapempha mwaulemu timapepala toyezera pH, ndipo zotsatira za munda uliwonse tidzazimata pabolodi pomwe pano.