Petulo wa m'chigubu: wogula ndi wina, wopuma utsi ndi wina

M'mashopu ogulitsa makina a m'munda ku Britain, Germany kapena Sweden, pambali pa macheka a injini ndi makina otchetchera kapinga pamakhala zigubu za malita asanu zondandalikidwa bwinobwino. M'katimo muli petulo, koma si uja wa pa filing'i siteshoni. Dzina lake ndi alkylate. Ku Britain mtengo wa lita imodzi umawirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi petulo wamba, ndipo sumupeza paliponse: uyenera kupita kwa ogulitsa makinawo kapena kuitanitsa pa intaneti. Anthu a kumeneko amakangana ngati nkwanzeru kutaya ndalama zonsezo chifukwa cha kainjini kotchetchera udzu. Ine ndikuona kuti mkanganowu unayambira polakwika. Akufunsa ngati mafutawa amathandiza injini, pomwe funso lenileni ndi la mapapo a munthu wanyamula injiniyo.

Tiyambe ndi chinthucho. Petulo wamba ndi msakanizo wa timankhwala mazanamazana totuluka poyenga mafuta okumbidwa pansi, ndipo kena mwa ito ndi benzene. Alkylate amapangidwa mwa njira ina. Amatenga mipweya yotsalira poyengapo, monga isobutane ndi butene, nkuilumikiza mothandizidwa ndi asidi. Chotuluka ndi petulo wa timankhwala towerengeka, wopanda ethanol, wokhala ndi benzene ndi sulufule wochepa zedi. Luso limeneli si ladzulo ayi. Linathandiza kale kupanga mafuta a ndege pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo mpaka lero mafakitale oyenga mafuta amapanga alkylate wambiri nkumuthira mu petulo wa galimoto kuti akhale wamphamvu. Ndiye chili m'chigubu chodulacho si chozizwitsa. Ndi chinthu chomwe mafakitale ali nacho kale, kungoti achipatula osachisakaniza.

Amene anayamba kuchipatula nkuchigulitsa kwa anthu wamba ndi Roland Elmäng wa ku Sweden, yemwe anakhazikitsa kampani ya Aspen mu 1988. Chinamukhudza ndi anthu odula mitengo m'nkhalango za dziko lakelo, omwe ankaweruka mutu ukuwawa chifukwa chokhalira kupuma utsi wa macheka a injini. Kampaniyo pano ili m'manja mwa Lantmännen, bungwe la alimi a ku Sweden, ndipo Stihl ndi Husqvarna nawo amagulitsa mafuta a mtundu womwewu m'mayina awoawo. Mbiri imeneyi muisunge: mafutawa anabadwa chifukwa cha wantchito wodwala mutu, osati chifukwa cha injini yovuta kuliza.

Ndipo wantchitoyo sankadandaula zachabe. Makina ambiri onyamula pamanja ali ndi injini zomwe petulo wake amasakanizidwa ndi oilo, zija amati two-stroke. Injini zotere, makamaka zakalekale, sizitentha mafuta onse. Ena amatuluka osapsa limodzi ndi utsi. Galimoto imataya utsi kumbuyo, kutali ndi woyendetsa. Macheka a injini amautayira pomwe pali nkhope yako. Benzene ali m'gulu loyamba la zinthu zomwe bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linatsimikiza kuti zimayambitsa khansa, ndipo iyeyu amadziwika ndi khansa ya m'magazi. Malamulo a European Union amalola benzene kufika gawo limodzi pa 100 mu petulo wa galimoto. Mu alkylate safika ngakhale 0.1 pa 100. Kwa munthu wogwira makinawa maola asanu ndi limodzi pa tsiku, zaka khumi, kusiyana kumeneku si nkhani yamasewera.

Koma tamverani momwe amamutsatsira masiku ano. Nkhani yakula ndi ya injini. Mu September 2021, England, Scotland ndi Wales anasintha petulo wamba kukhala E10, kutanthauza kuti ethanol akhoza kufika magawo 10 pa 100. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhalitsa mu thanki amasiya zomatamata mu kabuleta nkuwononga timapaipi ta labala. Opanga makinawa amalangiza kuti petulo wosakaniza ndi oilo asapitirire mwezi umodzi. Alkylate amatha zaka ali m'chigubu chake osawonongeka. Choncho uthenga kwa wogula ndi wakuti: thira uyu, makina ako agone nyengo yonse yozizira, udzawalize kamodzi nkuyaka.

Zimenezi ndi zoona, sindikutsutsa. Koma onani munthu amene uthengawu ukumulankhula. Ndi bambo wa nyumba yake, wokhala ndi kabwalo ka kapinga ndi mpanda wamaluwa, amene chigubu chimodzi kapena ziwiri zimamukwanira chaka chonse. Kwa iyeyu mtengo wowirikiza katatu suluma. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi yomwe makaniko angamulipiritse potsuka kabuleta. Utsi amaupuma mphindi makumi awiri Loweruka, nkulowa m'nyumba kukamwa tiyi.

Tsopano tengani munthu amene kutchetcha ndi kudula mitengo ndiye ntchito yake. Thanki ya makinawa ndi yaing'ono, koma amaidzaza kangapo pa tsiku, ndipo chigubu chomwe bambo uja amatha nacho chaka iye sachedwa kuchigwedeza chili gwa. Ubwino woti mafuta sawonongeka akakhalitsa alibe nawo ntchito, poti kwa iye mafuta sakhalitsa. Ubwino womwe akuufuna ndi wa utsi, ndipo ndi iye amene mtengo umamupweteka kwambiri chifukwa amagula malita ambiri. Msikawu wakhala chagada. Wofunikira mafutawa pang'ono ndiye amawagula mosavuta, wowafunikira kwambiri ndiye amawerengera kawiri. Choipiratu nchakuti nthawi zambiri wowerengerayo si amene agwire makina. Mwini kampani amaona mtengo pa risiti mwezi ukatha. Chifuwa cha mnyamata wake sichilembedwa pa risiti iliyonse.

Ogulitsa ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina nzomveka. Alkylate wa injini za two-stroke amabwera atasakanizidwa kale ndi oilo wabwino, muyezo wa 50 kwa 1, ndiye oiloyo uli m'kati mwa mtengo. Chigubu chilichonse chili ndi mtengo wake. Kunyamula katundu woyaka msanga m'timaphukusi nkodula kuposa kupopa thanki yonse pansi pa filing'i siteshoni, ndipo wa shopu naye amafuna yake. Msika ndi waung'ono. Zonsezi ndikuvomera.

Chomwe sindivomera ndi kuyankhula ngati mtengowu unagwa kumwamba. Ku Sweden boma lakhala likudula msonkho wotsikirapo pa alkylate kusiyana ndi petulo wa galimoto, ndipo m'malo ena amamugulitsa pa pampu, munthu nkubwera ndi chigubu chake. Makampani ogula migolo ya malita 200 salipira mtengo wa pa shelefu. Ku Germany anadzera kwina: malamulo a PEFC, omwe nkhalango zambiri za kumeneko zimatsatira kuti matabwa awo akhale ndi chiphaso, amafuna kuti makina a two-stroke aziyendera mafuta apadera ngati amenewa. Pamenepo bwana sasankha. Akafuna kontirakiti, agule. Mtengo wa chinthu umatengera zomwe anthu agwirizana: msonkho, muyezo wa phukusi, ndi amene lamulo lamuuza kuti alipire. Dziko likasiya zonsezi m'manja mwa shopu, lasankha kuti mpweya wabwino ukhale wa okhawo otchetcha pofuna kudziwongola.

Wina afunsa kuti ife zikutikhudza bwanji, poti pa filing'i siteshoni zathu pali petulo, dizilo ndi palafini basi, mwinanso palibe ndi chimodzi chomwe. Zikutikhudza pawiri. Poyamba, ndani mwa ife alibe mchimwene, msuweni kapena malume amene ali ku Joni akugwira ntchito ya m'gadeni? Ku Johannesburg ndi ku Cape Town Amalawi amadziwika ndi ntchito imeneyi. Ndi iwo amene amakoleka makina paphewa m'mawa, kuwuzira masamba, kudulira mipanda. Nkhani ikakhala yoti wogula mafuta ndi wina, wopuma utsi ndi wina, wachiwiriyo nthawi zambiri ndi wathu, ndipo ngati mapepala ake sali bwino sangatsegule pakamwa kufunsa zomwe zathiridwa mu thanki.

Kachiwiri, makinawa afika kwathu konkuno. Mvula ikangoyamba mumawamva m'mbali mwa misewu ya m'tauni, m'masukulu ndi m'malo ogona alendo, anyamata a ganyu atasiya chikwakwa. Ndipo zomwe Angerezi anayamba kudandaula mu 2021, ife tinaziyamba kale: Malawi wakhala akusakaniza ethanol mu petulo kuyambira 1982, pomwe fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, kenako PressCane inabwera ku Chikwawa. Galimoto zathu zinazolowera. Kainjini kongogwira ntchito miyezi ya dzinja, nkugona chilimwe chonse mafuta ali momwemo, ndi komwe kamavutika. Onjezerani apo petulo wogula m'mabotolo m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa kwa mafuta, ndi oilo wothira mongoyerekeza ndi maso. Oilo akachuluka utsi umachita kuti tolo, ndipo ena amati ndiye kuti injini yakhuta.

Sindikunena kuti tiyambe kuitanitsa zigubu za ku Sweden. Dziko lomwe kwacha yake inagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, lomwe limasowa ndalama zakunja zogulira mankhwala ndi feteleza, lingakhale loseketsa litayamba zimenezo. Koma mfundo yomwe inabala mafutawa siifuna madola. Muyezo wa 50 kwa 1 ndi mamililita 100 a oilo mu malita asanu a petulo, ngati buku la makinawo likutero, ndipo kabotolo koyezera sikadula. Kukhuthula thanki dzinja likatha nkwaulere. Kupumitsa munthu, kumusinthanitsa ndi mnzake, kumupatsa zotseka m'makutu ndi magalasi, zonsezi ndi zosankha za wolemba ntchito.

Pali chitsutso china champhamvu kuposa cha mtengo. Alkylate sachotsa zonse. Mpweya wakupha uja wa carbon monoxide umatulukabe, phokoso lilipobe, ndipo ndi mafuta okumbidwa pansi ngati ena onse. Ena amati kulimbana ndi petulo woyera nkutaya nthawi, chifukwa makina a batire afika. California inakhazikitsa lamulo mu 2021 loletsa kugulitsa makina atsopano ambiri a injini zazing'onozi kuyambira 2024. Pa kabwalo ka bambo wa ku London uja, batire ndi yankho labwino kuposa chigubu chilichonse, ndipo ndingamulangize atero. Koma wodula mitengo ikuluikulu m'nkhalango tsiku lonse akudalirabe injini, ndipo makina omwe agulidwa kale sadzatayidwa mawa. Amasintha manja, kuchoka kwa olemera kupita kwa osauka, kuchoka kumpoto kubwera kuno. Kwathu, komwe magetsi amazima osatsanzika ndipo midzi yambiri sanafikeko, kuuza mnyamata wa ganyu kuti adikire batire ndi kumuuza kuti apitirize kupuma zomwe akupumazo.

Ambiri a ife tikamaliza sukulu sitidzagwira makinawa. Tidzakhala mu ofesi ya sukulu, ya khonsolo, ya esiteti kapena ya bungwe, nkupatsidwa mapepala atatu a makampani ofuna ntchito yosamalira pabwalo, ndi lamulo loti tisankhe wotchipa. Pa mapepala amenewo pamalembedwa kukula kwa malo, masiku ndi ndalama. Ndikufuna pawonjezedwe mizere ina: makinawo ndi a mtundu wanji, mafuta amasakaniza ndani ndipo ndi muyezo uti, munthu mmodzi amawanyamula maola angati pa tsiku, zodzitetezera agula ndani. Anzathu amene adzagwire ntchito m'mayiko omwe alkylate ali pa shelefu aonjezere mzere woti mafuta akhale amenewo, ndipo mtengo wake ulowe mu kontirakiti, usachotsedwe pa malipiro a wotchetcha.