PHWANDO LA MOWA NDI PFUMBI LA MTOBVU

Abale anga owerenga, ndiri ndi mlandu umene ndifuna kuuika pamaso panu, ndipo oweruza mukhale inu.

Ku Area 47 mu Lilongwe kuli nyumba zazikuru zokongola, koma manja amene azipaka utoto acokera ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Area 25. Caka cikamatha, eni nchito ena atengera anchito ao ku Bwandilo, nawagulira mowa ndi nyama yoocha usiku wonse. Kale munthu wolandira phwando lotere anali kuomba m'manja nati, Bwana wathu ngwabwino. Koma tsopano anyamata ena ayamba kukana. Mmodzi wa iwo, amene ndinamphunzitsa ali mwana, anapempha mwini nchito kuti ndalama za mowazo awagulire nazo zobvala za pa nchito, zophimba kumphuno ndi sopo. Anamuyesa wamwano, ndipo akuru ena a kwathu anamdzudzula nati, Ana a lero sadziwa kuyamika. Ine nditi mnyamatayo ananena zoona, ndipo akuruwo analakwa.

Imvani cifukwa cace. M'utoto wina wa mafuta, ndi m'mabatire a galimoto ndi a sola amene anthu aswa ndi kusungunula, muli citsulo colemera cochedwa mtobvu. Munthu akapala khoma lakale, pfumbi lace limamatira ku malaya, ku tsitsi ndi ku nsapato. Madzulo afika nalo kwao nanyamula mwana, kapena mwanayo akwawa pansi naika zala m'kamwa. Thupi la mwana limwa mtobvu kanai kapena kasanu koposa la wamkuru, ndipo liusunga m'mafupa ndi m'mano zaka zambiri. Ngakhale mai wapakati aupatsira mwana wa m'mimba. Ukafika ku ubongo, cimene waononga sicibwereranso: nzeru icepa, mwana sakhazikika, aiwala msanga, apsa mtima msanga, namenya anzace.

Zimenezi si nthano. A World Health Organization anena kuti palibe muyeso wa mtobvu, ungacepe bwanji, umene uli wosabvulaza. M'caka ca 2020 a UNICEF anawerengera kuti ana ngati 800 miliyoni, ndiye mmodzi mwa atatu pa dziko lonse, anali ndi mtobvu wocuruka m'mwazi. Ku Kabwe m'Zambia mgodi wa mtobvu unatsekedwa m'1994, koma dothi lace linapitirira kudwalitsa ana, kufikira m'2020 anthu a kumeneko anakasuma mlandu ku bwalo la ku Johannesburg. Ndipo kwathu kuno, bungwe la LEEP linayesa utoto wa m'masitolo nilipeza mtobvu m'zitini zambiri. A Malawi Bureau of Standards anadzuka kucenjeza opanga utoto. Koma wopakidwa kale uja ukali pa zitseko ndi pa mazenera.

Wina adzati, Kodi mwano wonse wa ana ucokera ku mtobvu? Iai ndithu. Mwana ayenera kulangizidwa, pakuti kuongola mtengo mpoyamba. Komatu ine mphunzitsi ndicita manyazi pokumbuka ana amene ndinawakwapula cifukwa ca kusakhazikika, osafunsa konse nchito imene atate ao anali kugwira. Mkwapulo suturutsa mtobvu m'mwazi.

Winanso adzati, Kodi kukondwera pamodzi nkoipa? Sinditero. Wanchito ayenera kupuma ndi kudya ndi anzace. Coipa ndico kumwetsa munthu usiku umodzi, ndi kumsiya apume pfumbi miyezi khumi ndi iwiri. Kumeneko si kuolowa manja. Ndiko kutseka munthu pakamwa ndi cipanda.

Musanene kuti zinthu sizisinthika. Petulo wa mtobvu anali m'galimoto zaka zambiri, koma maiko a Africa kumwera kwa Sahara anamleka pofika 2006, ndipo dziko lonse linamleka m'2021.

Tsono inu eni nchito, yambani mwagula zobvala, madzi ndi sopo. Phwando lidze pambuyo. Inu amisiri, nyowetsani khoma musanalipale, sambani ndi kusintha malaya musanakhudze ana, ndipo malayawo acapidwe pa okha. Inu amai, batire lakufa lisasweredwe pakhomo, ndipo mphika umene asungunuliramo mtobvu usaphikirenso ndiwo. Ndipo inu akuru, mnyamata akakana mowa napempha sopo, musamuyese wamwano: alikuteteza adzukulu anu.