Chifukwa Chake Katemera wa Fuluwenza Amabwerezedwa Chaka ndi Chaka

Nyengo ya chisanu ikamayandikira, maiko ambiri amalengeza pa wailesi ndi m'zipatala kuti anthu akalandire katemera wa chimfine choopsa chija chotchedwa fuluwenza. Ena akamva uthengawu amadandaula, amvekere: "Kodi sitinabayitse kale chaka chatha? Nanga katemera wa chikuku bwanji sabwerezedwa chaka chilichonse?" Funsoli ndi lanzeru ndithu, ndipo liyenera kuyankhidwa mosabisa. Ife tikuti kuitana kwa chaka ndi chakaku nkoyenera, ndipo munthu wosamala banja lake sayenera kutopa nako.

Poyamba tisiyanitse matenda awiri. Chimfine wamba chimabwera pang'onopang'ono, munthu amayetsemula ndi kutuluka mamina koma khasu amagwirabe. Fuluwenza imagwetsa munthu mwadzidzidzi: thupi limatentha, mutu ndi mafupa zimaphwanya, chifuwa chimakhala chouma. Ikafika m'mapapo imatsegulira njira chibayo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organisation limawerengera kuti chaka chilichonse nthendayi imapha anthu apakati pa 290,000 ndi 650,000. Makolo athu anaidziwa bwino, pakuti mliri wa 1918, umene unapha anthu mamiliyoni ambirimbiri pa dziko lapansi, unafikanso m'midzi ya kuno kwathu nkhondo yoyamba ija ili kutha.

Tsono kubwereza katemera kuli ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, kachirombo ka fuluwenza kamasintha maonekedwe ake nthawi ndi nthawi, kotero kuti chitetezo chimene thupi linapanga chaka chatha chimalephera kukazindikira bwino. Kachirombo ka chikuku sikasintha motero, nchifukwa chake mwana akabayidwa kawiri amatetezeka kwa zaka zambiri. Chachiwiri, mphamvu ya katemera wa fuluwenza imachepa m'thupi pakapita miyezi. Motero akatswiri amakumana kawiri pa chaka kusankha mitundu ya kachirombo yoti ilowe m'katemera watsopano: mu Febuluwale amasankhira maiko a kumpoto, ndipo mu Sepitembala amasankhira maiko a kum'mwera kwa dziko lapansi. Aliyense wokhala m'nyumba ya udzu akudziwa kuti denga limafoleredwa chaka ndi chaka mvula isanayambe, ndipo palibe amene amati udzu wa chaka chatha unali wabodza. Katemerayu nayenso amafuna milungu iwiri kuti agwire ntchito m'thupi, choncho ayenera kulandiridwa matenda asanafalikire.

Pali enanso amene amati: "Uje anabayitsa koma anadwalabe." Izi zimachitika, ndipo sitikana. Katemerayu sateteza ku chimfine wamba, ngakhalenso ku fuluwenza yeniyeniyo sateteza munthu aliyense. Koma amachepetsa chiwerengero cha odwala, ndiponso cha ogonekedwa m'chipatala. Umboni wake uli pafupi. Ku Soweto, m'dziko la South Africa, madokotala otsogozedwa ndi Shabir Madhi anapereka katemerayu kwa amayi oyembekezera mu 2011 ndi 2012. Anapeza kuti fuluwenza inachepa pafupifupi ndi theka pakati pa amayiwo, kuphatikizapo amene anali ndi kachirombo ka HIV. Mwa amayi amene analibe HIV, makanda awo nawonso anatetezeka chimodzimodzi. Mfundo imeneyi njofunika kwambiri, chifukwa khanda losakwana miyezi 6 silingabayidwe katemerayu. Chitetezo chake limachitenga kwa mayi ake lili m'mimba.

Amene ayenera kukhala patsogolo ndi awa: amayi oyembekezera, ana a miyezi 6 mpaka zaka 5, agogo a zaka zoposa 65, odwala mphumu, shuga, mtima, chifuwa chachikulu kapena amene ali ndi HIV, ndiponso ogwira ntchito m'zipatala. Ku South Africa boma limapereka katemerayu mwaulere kwa magulu otere m'zipatala zake chisanu chisanayambe. Inu amene muli ndi ana kapena amuna ogwira ntchito ku Joni, auzeni kuti asaphonye mwayi umenewo. Pobayapo pamatha kupweteka, thupi nkutenthako tsiku limodzi kapena awiri, koma katemera wobayayu sangakudwalitseni fuluwenza.

Nanga ife amene timadalira chipatala chaching'ono cha kumudzi tichitenji? Funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo za katemerayu, ndipo tsiku limene adzalengezedwe kwanuko mudzakhale oyamba pa mzere. Pakali pano onetsetsani kuti mwana wanu wamaliza katemera wa chibayo, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011 ndipo mwana amalandira kusikelo ali ndi milungu 6, 10 ndi 14. Sambani m'manja ndi sopo, tsekani pakamwa potsokomola, ndipo wodwala asayandikire khanda kapena nkhalamba. Musataye ndalama kugula makapisozi pa msika, pakuti mankhwala amenewa sapha kachirombo ka fuluwenza. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikamalowa m'kati, kapena akamakana kuyamwa, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi azamba, inu ndinu amene anthu amakumverani. Uthenga wa katemera ukafika, uperekeni pa bwalo ndi pa misonkhano, ndipo fotokozani chifukwa chake amabwerezedwa. Mayi akamvetsa chifukwacho adzabwera yekha chaka chamawa, ndipo adzatenganso mnzake. Kumbukirani kuti kupewa kumaposa kuchiza.