Dzino la mayi wosauka ndi lozula basi?

Asisi, tonse tikumudziwa mayi uja wogulitsa tomato kumsika, amene wamanga mpango kutsaya sabata yathunthu. Usiku sagona. Wayesa madzi a mchere, wameza Panado, mpaka waika aspirin pa dzino penipenipo, nkhama n'kupsa. Ndiye timamufunsa kuti, "Bwanji osangopita kuchipatala? Si chaulere?"

Chaulere, eti? Tiyeni timutsatire. Alawirira ku chipatala chaching'ono cha kwawo, aima pamzere mpaka dzuwa pamutu. Kumeneko amuuza kuti za mano kulibe, apite ku chipatala chachikulu. Apa ndi minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, geni yaima tsiku lonse, mwana wamusiya kwa aneba. Akafika, thandizo lomwe nthawi zambiri amalipeza ndi limodzi: kuzula. Dzino loti likanamatidwa pamene bowo linali laling'ono likuthera m'kambale. Wofuna kumata amulozera ku pulaiveti, komwe mtengo wake mayi wa tomato angouseka.

Choncho m'tauni muno mano asanduka chiphaso. Wa ndalama amamata, wosauka amazula. Mtsikana wa zaka 24 wopanda mano awiri akutsogolo akafunsira ntchito ya pa kauntala, tonse tikudziwa momwe amamuyang'anira. Ndipo tisanamizane, mano ena sanaole ayi, anagululidwa ndi chibakera cha bambo a kunyumba. Mlandu ukhoza kukambidwa kupolisi n'kutha, koma mpata uja mayi amayenda nawo moyo wonse, akuseka atagwira pakamwa.

Nanga oyembekezera? Mimba imasintha thupi, nkhama zimatupa, zimatuluka magazi mukamatsuka. Kusanza kwa miyezi yoyamba kumadyanso mano. Kusikelo amatiyeza BP, magazi, kulemera, zonse bwinobwino. Ndani mwa ife anauzidwapo kuti "yasamulani tione"? M'malo mwake timamva za kwa anakubala kuti wapakati sagwidwa dzino, apirire mpaka achire. Bodza limenelo. Mafinya a dzino ndi amene ali oopsa, amatha kufalikira mpaka kukhosi munthu n'kulephera kupuma.

Akuluakulu atiuza kuti madokotala ndi ochepa. N'zoona. Dziko lino layamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019, ku sukulu yomwe pano ndi KUHeS, ndipo nthawi imeneyo Malawi yense analibe ngakhale madokotala a mano 50. Koma kumata bowo sikudikira dokotala wamkulu. Malawi College of Health Sciences yakhala ikutulutsa ma dental therapist kwa zaka zambiri, anthu oti ntchito imeneyi amaitha. Chosowa ndi kuwalemba ntchito, kuwapatsa mpando, zida ndi zomatira. Mu 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza umoyo wa m'kamwa. Tinaomba m'manja. Pepalalo lafika liti ku Mtandire, ku Ndirande, ku Chibavi? Ku Abuja mu 2001 maboma a mu Africa, lathu lomwe, analonjeza 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ana obadwa chaka chimenecho pano ndi amayi, ndipo ndi amene ali pamzere wozula uja.

Tikufuna wa za mano pa chipatala chaching'ono chilichonse, ngakhale kawiri pa sabata poyambira. Tikufuna kumata kukhale kwaulere ngati mmene kuzula kulili. Tikufuna kuona m'kamwa kulembedwe m'buku la sikelo. Khansala ndi MP wa kwanu akabwera ndi nsalu za chipani, afunseni pagulu kuti iwo dzino likawawa amapita kuti, ndipo amalipira zingati.