SACCO ifike kwa mlimi wa ku Nzama

Sabata yatha ndinali kwathu ku Nzama. Ndinapeza azakhali anga ali pamkeka ndi amayi anzawo, bokosi la maloko atatu lili pakati pawo. Linali tsiku la banki m'khonde. Aliyense anaponya masheya ake, mlembi nalemba m'kope, ndipo dzuwa lisanapendeke ndalama zonse zinali zitabwerekedwa. Azakhali ankafuna ngongole ya feteleza wothira mbatata ya kachewere, koma anangopatsidwa theka. Palibe anawamana mwadala. Onse pamkekapo ndi alimi, ndipo dzinja likamayandikira onse amafuna ndalama mwezi umodzi womwewo.

Madzulo ake ndinacheza ndi mphunzitsi wina wa pafupi ndi kwathu. Iye ndi membala wa United Civil Servants SACCO, imodzi mwa ma SACCO akuluakulu m'dziko muno. Mwezi uliwonse ndalama yosunga imadulidwa kumalipiro ake asanaigwire n'komwe, ndipo akafuna malata kapena fizi ya mwana amabwereka zoposa zimene anasungazo. Ndinamusangalalira, koma mtima unandiwawa. Mphunzitsiyu ndi azakhali anga amapemphera tchalitchi chimodzi, amatunga pamjigo umodzi, koma wina ali ndi nkhokwe yaikulu, wina ali ndi bokosi lomwe chaka chikatha amagawana zonse n'kuyambanso lopanda kanthu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti nzeru ya SACCO inabadwira mlimi. Friedrich Wilhelm Raiffeisen anaiyambitsa ku Germany m'zaka za m'ma 1860 poona alimi akumidzi akulandidwa minda ndi ng'ombe ndi anthu a katapila. Kuno ku Africa inayambira ku Jirapa, kumpoto kwa Ghana, mu 1955, pansi pa wansembe John McNulty, pakati pa anthu wamba a m'parishi. M'dziko muno mpingo wa Katolika ndi umene unatenga mbali yaikulu poibzala, ndipo mu 1980 magulu amene analipo anapanga bungwe lowasonkhanitsa la MUSCCO. Kwa ife a ku Nzama mbiri imeneyi si yachilendo: pano mpamene ansembe a Montfort anafika mu 1901 n'kumanga mishoni m'dziko la mfumu Njobvuyalema. Anthu a kuno takhala tikusonkha pamodzi za tchalitchi, za sukulu ndi za maliro kwa zaka zoposa zana.

Nanga zinatani kuti lero ukamva za SACCO zikhale za aphunzitsi, apolisi, asilikali ndi ogwira ntchito m'makampani? Chifukwa chake n'chomveka, ndipo sindikuchinyoza. Ma SACCO ambiri a kumidzi anagwa chifukwa cha ngongole zosabwezedwa ndi mabuku osalembedwa bwino, pamene wolandira malipiro ngongole yake imadulidwa kuntchito popanda womulondalonda. Lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011 linaika ma SACCO m'manja mwa Reserve Bank of Malawi kuti aziyang'aniridwa, ndipo linachita bwino, pakuti ndalama ya mmphawi siyenera kusungidwa mwachisawawa. Koma mlimi wa mbatata, amene malipiro ake amabwera kawiri kapena kamodzi pachaka, anatsalira kunja kwa mpanda.

Ambiri sadziwa kuti membala wa SACCO si kasitomala ayi. Ndi mwini wake. Amagula masheya, pamsonkhano waukulu wa pachaka ali ndi voti imodzi mofanana ndi amene anasunga mamiliyoni, amasankha atsogoleri, ndipo phindu likapezeka limabwerera kwa iye. Zimenezi amayi a pamkeka aja akuzichita kale popanda wowaphunzitsa za m'mabuku. Amadziwana, amalipiritsana chindapusa cha kuchedwa, ndipo wobwereka amachita manyazi kuthawa chifukwa mawa akakumana nawo kumphakati. Chikole choposa chimenechi chilipo?

Ndiye ndikupempha atsogoleri a ma SACCO akuluakulu ndi a MUSCCO kuti akwere kuno kumapiri, asamangothera pa boma pa Ntcheu. Alandire banki m'khonde ngati gulu lathunthu, likhale ndi buku lake, kuti ndalama ya mphunzitsi yosungidwa mwezi ndi mwezi izibwerekedwa kwa mlimi nthawi yobzala, ndipo ya mlimi ikalowa pokolola izithandiza mphunzitsi pa fizi. Kabwezedwe kagwirizane ndi nthawi yokumba mbatata, osati tsiku lolandira malipiro. Za mtunda zisakhalenso chodzikhululukira, poti Airtel Money ndi TNM Mpamba zinafika kale m'midzi yathu. Nawonso a banki m'khonde avomere kusiya gawo la ndalama zawo lizigona chaka ndi chaka, m'malo mogawana mpaka tambala yomaliza. Ndikudziwa kuti chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anthu akuopa kusunga, ndipo mantha amenewo SACCO iyenera kuwayankha ndi phindu looneka.

Azakhali anga theka linalo la ndalama ya feteleza ija anakalipeza kwa venda wina amene amagula mbatata n'kukagulitsa ku Lizulu. Anawapatsa ndalama tsiku lomwelo, osalemba kalikonse. Pangano lake n'lakuti pokumba, matumba oyamba ndi ake, pamtengo umene adzatchule iyeyo.